Kodi Wa Mbiri Yoipa Ya Nkhongole Akagone Kuti?

Mnzanga wacinyamata, tsiku lidzafika, ngati silinafike kale, pamene udzamanga katundu wako ndi kucoka pakhomo pa makolo. Kaya wapeza nchito ku Lusaka, kaya wapita ku koleji ku Chipata, kaya walowa m'banja, cinthu coyamba cimene udzafuna ndi denga. Udzayenda m'Matero, m'Chawama, m'Mtendere kapena m'Kapata, kugogoda pa mageti ndi kufunsa ngati pali cipinda ca lendi. Mwini nyumba asanakupatse kiyi adzakuyang'ana kuyambira kumutu kufikira kumapazi, nadzafunsa mafunso ake. Ugwira kuti nchito? Unali kukhala kuti? Nanga unacokako cifukwa ciani?

Kwa munthu amene sanakongolepo kanthu mafunso awa ndi opepuka. Koma alipo anzathu ambiri, ena a iwo timaimba nao m'kwaya Sabata ndi Sabata, amene funso lacitatulo limawaumitsa pakamwa. Kumene anacoka anasiya lendi ya miyezi itatu. Wina ali ndi kaloba amene sanamalize, wina anakongola ndalama za pa foni nataya simu, wina dzina lake linalembedwa ku banki pamodzi ndi olephera kubweza. Munthu wotere ali ndi mbiri yoipa ya nkhongole, komabe mvula ikagwa imamunyowetsa monga wina aliyense. Kodi anene zoona, ngakhale adziwa kuti zoonazo zingamutsekere citseko? Kodi mwini nyumba acimwa akamukana? Nanga ife a mu mpingo, mbali yathu ndi yotani? Tiyeni tiganizire pamodzi.

Mbiri ifika iwe usanafike

Kale mbiri ya nkhongole inali kusungidwa m'mitu ya anthu ndi m'kabuku ka mwini kantemba. Ukatenga sopo ndi mafuta pa nkhongole osabweza, komboni yonse inali kudziwa dzuwa lisanalowe, koma ukasamukira ku tauni ina unali kuyamba moyo watsopano. Masiku ano sizili tero. Mu 2006 Bank of Zambia inapereka laisensi kwa kampani yoyamba yosunga mbiri ya okongola, Credit Reference Bureau Africa Limited, imene tsopano idziwika ndi dzina la TransUnion. Mabanki ndi makampani okongoza ndalama amatumiza kumeneko maina a okongola ndi m'mene akubwezera. Mu 2018 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo lochedwa Credit Reporting Act loyang'anira nchito imeneyi. Motero nkhongole imene unasiya ku Petauke ingathe kukupeza ku Kitwe.

Eni nyumba ambiri a m'makomboni sapita kukafunsa ku kampaniyo. Ali ndi njira zao. Amaimba foni kwa mwini nyumba wako wakale, amafunsa kwa mnansi, kapena kwa mnyamata wa wilibala amene anakunyamulira katundu. Makampani obwereketsa nyumba m'mayadi amafuna kalata ya ku nchito, pepala la malipiro ndi mapepala a ku banki. Njira zisiyana, koma onsewo afuna kudziwa cinthu cimodzi: mwezi ukatha, kodi munthu uyu adzalipira?

Funsoli si loipa. Buku la Miyambo (22:1) liika mbiri yabwino pamwamba pa cuma cambiri, ndipo amene anafunapo nyumba adziwa kuti mau amenewo ndi oona ngakhale pa zinthu za tsiku ndi tsiku. Dzina labwino limatsegula geti limene ndalama zokha sizingatsegule.

Onse analephera, koma si mofanana

Pepala la mbiri ya nkhongole linena kuti munthu anakongola zakuti ndipo sanabweze. Silinena cifukwa cake. Apa ndi pamene Mkristu ayenera kuona patali kuposa pepala.

Funsa makolo ako za zaka za m'ma 1990. Mu 1994 kampani ya ndeke ya Zambia Airways inatsekedwa, ndipo anchito ake anauka m'mawa alibe nchito. Mu 1995 banki ya Meridien BIAO inagwa, anthu amene anasungitsako ndalama nasowa pogwira. Makampani ambiri a boma anagulitsidwa, ndipo anthu zikwi zambiri anacotsedwa nchito. Pakati pao panali akulu a mpingo ndi amai a cigwirizano, anthu amene sanadyepo ngwee ya munthu, koma analephera kulipira lendi. Mu 2020 matenda a COVID-19 anacita cimodzimodzi kwa ogwira nchito m'mahotela, m'malo odyera ndi m'masukulu amene si a boma. Matenda a mwana kapena maliro a kholo angathe kumeza ndalama za miyezi itatu m'sabata imodzi.

Pamenepo munthu athamangira kwa a kaloba. Tiyerekeze kuti wakongola K1,000 ndipo pangano ndi lakuti mwezi ukatha abweze K1,500. Akalephera, mwezi waciwiri nkhongole yafika K2,250, wacitatu K3,375. Malipiro ake sanakwere, koma nkhongole yakula kuposa katatu. Munthuyu si mbala. Wagwera m'mbuna.

Baibulo limudziwa munthu wotere. Pa 2 Mafumu 4:1-7 tiwerenga za mkazi wamasiye amene mwamuna wake anali woopa Mulungu, mmodzi wa gulu la aneneri, koma anamwalira ali ndi nkhongole, ndipo wokongoza anabwera kuti atenge ana ake awiri akhale akapolo. Kuopa Mulungu sikunaletse nkhongole kulowa m'nyumba imeneyo.

Komanso tisadzinamize. Alipo ena amene nkhongole yao inabadwa m'nyumba ya kubecha mpira, kapena m'sitolo ya mafoni odula, kapena pa phwando la kicheni limene linapitirira thumba. Alipo amene amasamuka usiku mwadala, nyumba ndi nyumba, ndipo amaseka posimba m'mene anapusitsira alandilodi. Salmo 37:21 liika munthu wokongola wosabweza m'gulu la oipa, ndipo silimupatsa dzina lina lokoma.

Ngati mbiri yako inaipa, khala pansi udzifunse moona mtima kuti uli m'gulu liti. Anthu ambiri ali pakati: tsoka linabwera ndithu, koma linapeza kale mng'alu m'khoma. Kudziwa mng'aluwo ndiko ciyambi ca kukonza.

Ciyeso ca kubisa

Tsopano waima pa geti. Mwini nyumba wafunsa cifukwa cimene unacokera kumene unali. Mumtima mwako mau ena akunong'oneza kuti, nena kuti madzi anali kuvuta, nena kuti kunali kutali ndi ku nchito, kapena upereke nambala ya msuweni wako kuti adziyese mwini nyumba wakale. Mauwo ali ndi nzeru zake. Akuti, munthu uyu ali ndi nyumba, iwe ulibe. Iye sadzafa ndi njala cifukwa ca lendi ya mwezi umodzi. Ndiponso nthawi ino udzalipira ndithu, tsono bodzali lidzapweteka ndani?

Tiyeni tiyambe ndi funso lakuti mwini nyumba ndani. Mu 1996 boma la Pulezidenti Frederick Chiluba linalamula kuti nyumba za makhonsolo zigulitsidwe kwa anthu amene anali kukhalamo, ndipo pambuyo pake nyumba zambiri za boma ndi za migodi zinagulitsidwanso. Ambiri mwa ogulawo anali anthu wamba, ndipo ena nchito zinawathera nthawi yomweyo. Anamanga zipinda ziwiri kapena zitatu kuseri kwa nyumba kuti azipezerapo cakudya. Lero ambiri a iwo ndi okalamba, kapena anamwalira nasiyira nyumba akazi amasiye ndi ana. Amai amene akukufunsa mafunso pa geti mwina akulera adzukulu anai, ndipo lendi yako ndiyo unga wao, makala ao ndi mankhwala ao a BP. Ukalephera kulipira, nsima yacepa m'nyumba mwao.

Tsono ona cimene bodza licita. Iwe udziwa kuti pali ngozi yakuti ungalepherenso. Iwo sadziwa. Ponama watenga katundu wa ngoziyo ndi kuwasenzetsa pamutu iwo osadziwa, osavomera. Akadadziwa, mwina akadakana, mwina akadavomera ndi mapangano ena, koma kusankhako kukadakhala kwao. Wawalanda ufulu wosankha pa cinthu cao. N'cifukwa cake m'Malamulo Khumi lamulo loletsa kuba ndi loletsa umboni wonama aima moyandikana (Eksodo 20:15-16). Pa nkhani ya nyumba, kawirikawiri bodza ndilo limatsegulira kuba njira.

Unganene kuti, koma ndidzalipira. Mwina udzalipiradi. Koma kumbukira kuti ndi kumene unacoka unalowa ndi mtima womwewo. Cifuniro cabwino unali naco, cimene cinasowa ndi mphamvu. Ndipo ngakhale utalipira mwezi ndi mwezi, udzakhala m'nyumbamo monga kalulu, makutu ali m'mwamba, kuopa tsiku limene eni nyumba awiriwo adzakumana pa maliro kapena pa msika wa Soweto. Akulu anati mlandu suwola. Tsiku limene zoona zidzatuluka, milandu yako idzakhala iwiri, nkhongole ndi bodza, ndipo waciwiriwo ndi wovuta kuukonza kuposa woyamba.

Kunena zoona sikutanthauza kuti uyale moyo wako wonse pa geti la munthu. Za m'banja mwako ndi za matenda ako ndi zako. Koma cimene cikhudza thumba lake ali nao ufulu wocidziwa. Ungathe kunena mwaulemu kuti, Amai, kumene ndinacoka ndinasiya nkhongole ya miyezi iwiri cifukwa nchito inatha. Ndayamba kubweza, mapepala ake ndi awa, ndipo nambala ya mwini nyumba ndi iyi, mungathe kuwafunsa. Ena adzakukana pomwepo, ndipo zidzakuwawa. Mkristu asalonjezedwe kuti coonadi cimalipira msanga nthawi zonse. Nthawi zina mtengo wake ndi miyezi ina iwiri yogona pa mphasa kwa amalume. Koma amene adzakulandira adzakhala atalandira iwe weniweni, ndipo udzagona tulo.

Kukhululukidwa ndi kukhulupiridwa

Pali kusokoneza kumodzi kumene kumavuta acinyamata ambiri a mu mpingo. Amati, ndinalapa, Mulungu anandikhululukira, nanga bwanji anthu akali kundikumbutsa zakale? Kodi si Akristu?

Cikhululukiro ndi mphatso. Cimaperekedwa caulere, tsiku limodzi, kwa munthu wosayenera. Kukhulupiridwa ndi nyumba imene imamangidwa njerwa imodzi imodzi, ndipo womanga ndi iwe. Munthu angathe kukukhululukira ndi mtima wonse, osakusungira cakukhosi, koma osakupatsabe kiyi ya nyumba yake. Pamenepo sanacimwe.

Taona Zakeyu wa ku Yeriko (Luka 19:1-10). Yesu analowa m'nyumba mwake iye asanabweze kanthu kwa munthu aliyense. Cisomo cinayamba. Koma Zakeyu sanaime pa cisomo ndi kuuza anthu a mu Yeriko kuti aiwale zakale. Analonjeza kupatsa osauka theka la cuma cake ndi kubwezera kanai kwa aliyense amene anamulanda. Kulapa kwake kunafika m'thumba. Ndiponso Elisa, atathandiza mkazi wamasiye uja ndi cozizwitsa ca mafuta, anamuuza kuti agulitse mafutawo, ayambe walipira nkhongole, ndipo zotsala ndizo adye ndi ana ake. Cozizwitsa sicinafafanize nkhongole. Cinapereka njira yoilipirira.

Taonanso Yohane Marko. Pa ulendo woyamba wa Paulo ndi Barnaba, mnyamata uyu anawasiya panjira ku Pamfuliya nabwerera kwao. Pokonza ulendo waciwiri Paulo anakana kumutenga, ndipo mkangano unakula kotero kuti Paulo ndi Barnaba anapatukana (Macitidwe 15:36-40). Paulo anayang'ana mbiri ya Marko, Barnaba anayang'ana cimene Marko angadzakhale. Patapita zaka zambiri, Paulo yemweyo ali m'ndende analembera Timoteo kuti abwere naye Marko cifukwa anali wothandiza pa nchito (2 Timoteo 4:11). Mbiri ya Marko inasintha, koma pakati pa mavesi awiriwa pali zaka za kugwira nchito mokhulupirika.

Nanga iwe uyambire pati? Tenga pepala ulembe nkhongole zako zonse, kwa yani ndi zingati, osasiyako imene ikucititsa manyazi. Pita wekha kwa mwini nyumba wakale, usadikire kuti akupeze. Ngati uopa, pita ndi mkulu wa mpingo. Pangana naye ndalama imene ungathedi kupereka mwezi ndi mwezi, ngakhale ndi K100, ndipo panganolo lilembedwe. Sunga malisiti onse ndi mauthenga a pa foni osonyeza kuti watumiza ndalama, pakuti amenewo ndiwo mbiri yako yatsopano. Ngati unakongola ku banki kapena ku kampani, lamulo la mu 2018 lija likupatsa ufulu woona zimene zinalembedwa za iwe ndi kupempha kuti zolakwika zikonzedwe. Gwiritsa nchito ufulu umenewo, pakuti zimacitika kuti munthu anamaliza kubweza koma dzina lake silinayeretsedwe.

Cina cowawa ndi ici: funa nyumba yolingana ndi thumba lako la lero. Ngati unalephera nyumba ya zipinda zitatu, yamba ndi cipinda cimodzi, ngakhale cimbudzi cili panja ndipo madzi ndi a pa mpope wa onse. Anzako anene zimene afuna. Ndipo usakongole kaloba kuti ulipire dipoziti, cifukwa kutero ndi kukumba dzenje latsopano kuti ukwirire lakale. Miyezi 12 ya lendi yolipiridwa pa tsiku lake m'kacipinda ka ku Kanyama ndi umboni wamphamvu kuposa mau okoma alionse. Pang'ono pang'ono ndi mtolo.

Mau kwa iwe wa pa nyumba ya alandilodi

Mwina iwe amene ukuwerenga uli mbali inayo. Makolo ako ali ndi zipinda za lendi, ndipo ndiwe amene umatumidwa kukagogoda pa 1 koloko kapena kulemba m'buku. Tsiku lina zipindazo zidzakhala m'manja mwako. Funso lako ndi lakuti, kodi ndiyenera kulandira munthu amene ndidziwa kuti kwina analephera?

Palibe lamulo la Mulungu limene likukakamiza kupereka nyumba yako kwa aliyense wogogoda. Kusamala si ucimo. Amai amene adyetsa adzukulu ndi ndalama ya cipinda cimodzi sangathe kuyesa mwai, ndipo tisawaweruze akakana. Koma pali zinthu ziwiri zimene Mau a Mulungu akufunsa.

Coyamba ndi ulemu kwa wokongola. Pa Deuteronomo 24:10-13 wokongoza analetsedwa kulowa m'nyumba ya wokongola kukatenga cikole. Anayenera kuima panja kufikira mwini wake atacitulutsa. Ndipo ngati cikoleco cinali copfunda ca munthu wosauka, cinayenera kubwezedwa dzuwa lisanalowe kuti agone wopfunda. Nkhongole inali yoona, koma munthuyo anakhalabe munthu. Tsono ganizira zimene timaona m'makomboni mwathu: kucotsa citseko, kuzula malata nthawi ya mvula, kutaya mapoto ndi mabulangeti panja ana akuona, kutukwana munthu pa mpope pamaso pa anansi. Ngakhale malamulo a dziko, kuyambira pa Rent Act ya mu 1972, aonetsa kuti nkhani yocotsa munthu m'nyumba njira yake ndi ya ku khoti. Mkristu asacite mwankhanza cimene ngakhale boma liletsa.

Caciwiri ndi kukumbukira. Ife a Zambia tidziwa bwino kukhala ndi mbiri yoipa ya nkhongole, pakuti dziko lathu lenilenilo linakhala nayo. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 mipingo ya muno inalowa m'gulu la Jubilee 2000, ndipo Akristu anasaina maina ao kupempha maiko olemera kuti afafanize nkhongole zathu, potsata ciphunzitso ca caka ca ufulu ca pa Levitiko 25. Mu 2005 Zambia inafika pa mapeto a ndondomeko ya HIPC ndipo gawo lalikulu la nkhongole linakhululukidwa. Mu November 2020 dziko linalepheranso kulipira ciongoladzanja ca nkhongole ya Eurobond, ndipo linapitanso kukakhala pansi ndi okongoza, kufikira mu 2023 pamene maiko okongoza anavomera kusintha kabwezedwe. Kawiri konse tinapempha kuti atimvere cifundo ndi kutipatsa nthawi.

Yesu anasimba fanizo la kapolo amene mfumu inamukhululukira matalente 10,000, koma iye potuluka anagwira pakhosi mnzake amene anali naye nkhongole ya madinari 100 (Mateyu 18:23-35). Dinari imodzi inali malipiro a tsiku limodzi, motero nkhongole ya mnzakeyo inali ngati malipiro a miyezi itatu ndi masiku ocepa, pafupifupi monga lendi imene anzathu amasiya. Sinali ndalama yocepa. Koma poyerekeza ndi matalente aja inali dontho. Fanizoli silikuti usalandire lendi. Likufunsa mzimu umene uli nao pogogoda pa citseko ca wokongola. Caona mnzako capita, mawa cili pa iwe.

Pakati pa kukana ndi kulandira mwakhungu pali njira zina. Mungathe kumva nkhani yake yonse ndi kuitsimikiza. Mungapangane miyezi itatu yoyesa, zonse zolembedwa ndi mboni. Ngati alandira ndalama pa sabata, mungalole kuti azilipira pa sabata. Ndipo munthu amene wadziulula yekha musamulange cifukwa ca kuona mtima kwake, pakuti mukatero muphunzitsa acinyamata onse kuti wabodza ndiye apeza nyumba.

Ndani adzaimirira pakati?

Tafika pa mfundo imene ikhudza gulu lathu la acinyamata. Taona kuti wofuna nyumba ayenera kunena zoona, ndi kuti mwini nyumba ali ndi ufulu wosamala. Koma ngati onse awiri acita zoyenera, mnzathu uja angathe kukhalabe panja. Payenera kukhala munthu wacitatu.

Kalata ya Paulo kwa Filemoni ndi yaifupi, ili ndi mavesi 25 cabe, ndipo mungathe kuiwerenga yonse pa msonkhano umodzi. Onesimo anali kapolo amene anacoka kwa mbuye wake Filemoni, ndipo zioneka kuti anamulakwira pa za cuma. Anakumana ndi Paulo natembenuka mtima. Paulo anamubweza ndi kalata. M'kalatamo sanabise kuti kale Onesimo anali wopanda phindu. Ndiponso sanangouza Filemoni kuti akhululuke cifukwa ndi Mkristu. Pa vesi 18 ndi 19 anamuuza kuti ciliconse cimene Onesimo anali naco mangawa aciwerengere pa iye Paulo, ndipo analemba ndi dzanja lake kuti adzalipira. Paulo anaika dzina lake ndi thumba lake pakati pa anthu awiriwa.

Ife timafulumira kuuza amai a nyumba kuti acite cifundo, pamene ife sitiikapo ngakhale ngwee. Cifundo colipiridwa ndi thumba la wina n'cosavuta. Ngati tikhulupirira kuti mnzathu wasintha, tipite naye kwa mwini nyumba ndi kunena kuti, timudziwa, zakale zake tizidziwa, ndipo akalephera mwezi umodzi ife tidzalipira.

Apa pafunika nzeru, pakuti Baibulo lomwelo licenjeza kolimba za kuperekera mnzako cikole. Miyambo 6:1-5 ikuyerekeza ndi msampha, ndipo Miyambo 22:26-27 icenjeza kuti woimirira nkhongole ya wina alibe colipira angalandidwe ndi kama yomwe agonapo. Kodi Paulo anaphwanya malangizo awa? Iai. Anamudziwa bwino Onesimo, pakuti anakhala naye ndi kuona nchito zake, ndipo analonjeza cimene anali wokonzeka kulipira. Cenjezo la Miyambo ndi la munthu amene asaina mwamanyazi, kapena cifukwa ca cibwenzi, pa ndalama imene alibe. Lamulo lake ndi ili: usaimirire ndalama imene sungathe kuitaya, usaimirire munthu amene sunaone mayendedwe ake, ndipo malire a lonjezo lako alembedwe.

Munthu mmodzi sangathe, koma gulu lingathe. Tidziwa kale kucita cilimba, ndipo timasonkha za yunifomu ya kwaya ndi za ulendo wa ku msasa. Acinyamata 30 akasonkha K20 aliyense pa mwezi, ndiye K600, ndipo pa caka ndi K7,200. Ndalama yotere, yosungidwa ndi msungicuma pamodzi ndi mkulu wa mpingo, ingathe kuimirira mnzathu mmodzi kapena awiri pa miyezi yao yoyamba. Mutu umodzi susenza denga.

Wina adzafunsa kuti, nanga akalepheranso? Zingacitike, ndipo tisaname kuti aliyense wopatsidwa mwai waciwiri amaugwiritsa bwino. Zikatero tidzalipira monga tinalonjezera, cifukwa dzina la mpingo lili pamenepo, ndipo tidzakhala naye pansi mnzathuyo kumufunsa mafunso olimba. Mwina sitidzamuimiriranso kufikira ataonetsa kusintha. Tidzakhala titataya ndalama, koma amai a nyumba sadzagona ndi njala cifukwa ca cifundo cathu. Barnaba naye sanali ndi citsimikizo pamene anatenga Marko kupita naye ku Kupro. Akadapanda kutero, mpingo ukadataya mnchito wabwino.

Tsono mnzanga, ngati dzina lako likali loyera, lisunge, ndipo uganize kawiri usanadinde batani la nkhongole pa foni yako. Ngati linada, usathawe ndipo usaname. Sabata ino lemba pepala lija, upite kwa munthu woyamba amene uli naye mangawa. Ngati uli ndi kiyi m'manja, mvera nkhani yonse usanatseke geti. Ndipo pa msonkhano wanu wotsatira, yang'anani amene wakhala pambali panu, pakuti mwina iye ndiye asowa pogona ndipo manyazi amutseka pakamwa.

Mafunso okambirana m'gulu

1. Werengani kalata ya Filemoni yonse. Kodi Paulo anapempha ciani kwa Filemoni, ndipo iye mwini anaikapo ciani?
2. Mnzanu wakupemphani kuti mudziyese mwini nyumba wake wakale pa foni. Mudzamuyankha bwanji, ndipo mungamuthandize m'njira ina iti?
3. Kodi munthu amene analephera kawiri ayenera kuimiriridwa kacitatu? Perekani zifukwa zanu.